Kukwera Kilimanjaro pa kagulu: malangizo kwa a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu

Anthu a kuno timanyada ndi mapiri. Munthu wokulira ku Bembeke kapena ku Tsangano mukamuuza za chitunda amangoseka, poti anayamba kusenza matumba a mbatatesi m'zitunda ali mwana, ndipo chisanu cha mu Juni sachiwerengera n'komwe. Kunyada komweko ndi komwe kunandibweza panjira ulendo wanga woyamba wa ku phiri la Kilimanjaro, ku Tanzania. Ndinasankha masiku 5 chifukwa ndiwo anali otsika mtengo, ndinkayenda patsogolo pa aliyense kuti azungu omwe tinali nawo aone mmene Mngoni amakwerera phiri, ndipo usiku womaliza anyamata awiri ananditsitsa atandigwira m'khwapa, wina uku wina uku, ndikusanza ndulu yokhayokha. Ndalama zomwe ndinasunga zaka ziwiri zinathera mumdima, pamwamba ndisanapaone.

Ulendo wachiwiri tinapita anthu 8 ochokera konkuno, masiku 7, ndipo 7 tinafika pa Uhuru Peak, nsonga ya phirili, mamita 5,895. Amene anafika ali ndi mphamvu kuposa tonse anali mayi wina wogulitsa kabichi pa Lizulu, yemwe pokonzekera paphiri la Dedza tinkachita kumudikira pa chitunda chilichonse. Zomwe ndalemba m'munsimu ndi zomwe zinasiyanitsa maulendo awiriwa.

Dziwiranitu kuti malamulo a paki ya Kilimanjaro salola munthu kukwera yekha. Mumapita kudzera ku kampani yolembetsedwa, ndipo imakupatsani gaidi wokhala ndi chiphaso, wophika, ndi mapota onyamula matenti, chakudya ndi zikwama zanu.

Zoyenera kukhala nazo

Zikalata ndi ndalama:
- Pasipoti yotsala ndi miyezi yosachepera 6 kuti ithe. Amalawi sitifunika viza pokacheza ku Tanzania.
- Kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever.
- Inshulansi ya paulendo yolemba poyera kuti ikukhudzanso kukwera phiri mpaka mamita 6,000.
- Madola atsopano, osang'ambika, ndi mashilingi a ku Tanzania ogulira zapanjira.

Zovala:
- Nsapato zokwerera mapiri zofika m'kakolo, zosalowa madzi, zokhala ndi mpata ku zala.
- Masokosi aubweya, mapeya 4 kapena 5.
- Zovala zamkati zothina zosunga kutentha. Zisakhale za thonje, poti thonje likanyowa ndi thukuta siliuma msanga ndipo limazizira pathupi.
- Majuzi awiri, jekete lokhuthala kwambiri, komanso jekete ndi buluku za mvula.
- Magolovesi opyapyala ndi ena okhuthala, chipewa chaubweya chophimba makutu, chipewa cha dzuwa ndi magalasi akuda.

Zina:
- Sleeping bag yopirira kuzizira kwa madigiri 10 pansi pa ziro.
- Chikwama chachikulu chofewa chopatsa mapota, chosapitirira makilogalamu 15, ndi kachikwama kanu ka kumsana.
- Tochi yovala pamphumi ndi mabatire apadera.
- Mabotolo olimba okwana malita 3. Mabotolo otaya mukamwa saloledwa paphiri, ndipo majumbo apulasitiki analetsedwa ku Tanzania kuyambira 2019.
- Ndodo ziwiri zoyendera.
- Mafuta oteteza khungu ku dzuwa, Vaseline wa milomo, pulasitala wa matuza, Panado, ORS, tishu ndi power bank.
- Kamba wanu: mtedza wokazinga, chiponde, maswiti.

Musachite mantha ndi mndandandawu. Zovala zambiri zimapezeka pa kaunjika, pa msika wa pa boma, pa Lizulu, kapena ku Tsoka ku Lilongwe. Pitani mu Okutobala kukutentha, nthawi yomwe majekete amangokhala pa mulu opanda wowafunsa mtengo. Sleeping bag, jekete lalikulu ndi ndodo mutha kukabwereka molipira ku Moshi, tawuni ya m'munsi mwa phirilo. Nsapato zokha ndiye ayi, zikhale zanu, ndipo zikhale zoti mwayenda nazo kale miyezi.

1. Sonkhanitsani kagulu, muthane za ndalama pachiyambi pomwe

Anthu 6 mpaka 10 ndiye kagulu kabwino. Mukachepa, mtengo wa munthu mmodzi umakwera. Mukachuluka, gaidi sangaone nkhope ya aliyense, ndipo wodwala amabisala m'chigulu. Ngati simunapeze anzanu, makampani ambiri amakhala ndi masiku oikika omwe amaphatikiza alendo osadziwana. Zimayenda ndithu, koma konzekani kugona tenti imodzi ndi munthu wa ku Korea kapena ku Germany, ndipo panthawi yomwe mutu ukuwawa mudzalakalaka wina woti mumudandaulire m'Chichewa.

Ife tinasonkha ngati chipereganyu, mwezi ndi mwezi, kwa chaka ndi theka. Lembani papepala zinthu zitatu musanasonkhe tambala: munthu akasiyira panjira ndalama zake zibwezedwa bwanji, asunga ndalama ndani ndipo kuti, komanso zidzakhala bwanji wina akadzalephera kupitiriza paphiri. Chachitatuchi anthu amachita nacho manyazi. Ife tinagwirizana kuti wodwala atsika ndi gaidi wothandizira, enawo apitiriza, ndipo palibe wodzasungira mnzake chakukhosi.

Apa chenjerani: ulendo umalipiridwa pa mtengo wa dola pomwe inu mukusonkha makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ikanipo kena pamwamba pa zomwe mwawerengera, ndipo kampani mukaitsimikizira lipirani m'zigawo, ndalama zisamangogona.

2. Sankhani mwezi

Nthawi zouma ndi Januwale mpaka kumayambiriro kwa Malichi, komanso Juni mpaka Okutobala. Epulo ndi Meyi ndi mvula yaikulu, Novembala ndi mvula yaing'ono. Kwa alimi a kuno, Ogasiti ndi Seputembala ndiyo miyezi yabwino: zokolola zagulitsidwa, ntchito ya kumunda sinayambe kuthina. Kungoti paphiri pamakhala anthu ambiri.

3. Sankhani njira ndi masiku

Sitepe iyi ndiyo imaweruza ulendo wonse, ndipo anthu amaiweruza ndi thumba osati ndi mutu.

Chomwe chimabweza anthu pa Kilimanjaro si kutalika kwa mtunda. Njira zake n'zoyendeka, simufunika zingwe. Vuto ndi mpweya. Mukamakwera mpweya umapepuka, ndipo pamwamba penipeni kupuma kumodzi kumakupatsani pafupifupi theka la okosijeni yemwe mukanapeza m'mphepete mwa nyanja yamchere. Thupi limazolowera, koma limafuna masiku, ndipo masikuwo simungawasinthanitse ndi mphamvu za m'miyendo. Wosewera mpira wa zaka 22 akhoza kugwa pomwe gogo akupitirira.

Njira zodziwika ndi izi. Marangu ndi ya masiku 5 kapena 6, mumagona m'tinyumba pa Mandara, Horombo ndi Kibo, ndipo mumatsikira njira yomweyo. Imaoneka yofewa chifukwa palibe matenti, koma ya masiku 5 ija ndi yomwe inanditsitsa ine. Machame ndi ya masiku 6 kapena 7, m'matenti. Lemosho ndi ya masiku 7 kapena 8, imayambira kumadzulo ndipo imakumana ndi ya Machame chapakati. Rongai imayambira kumpoto, kufupi ndi malire a Kenya, ndipo imakhala youmirapo. Umbwe ndi yachidule, yoimirira, isiyeni.

Ine ndinganene kuti tengani Machame ya masiku 7, kapena Lemosho ya masiku 8 ngati thumba likulola. Ubwino wa njira ziwirizi ndi wakuti tsiku lina mumakwera mpaka pa Lava Tower, mamita pafupifupi 4,600, kudya nkhomaliro pomwepo, kenako n'kutsika kukagona ku Barranco, chapansi pa mamita 4,000. Thupi limalawa mpweya wochepawo masana n'kukapuma usiku. Tsiku lowonjezera la Machame ya masiku 7 limakupatsani usiku wina pa Karanga musanafike pa Barafu, msasa womaliza musanakwere pamwamba. Wina m'gulu adzanena kuti tichotse tsiku limeneli tipulumutse madola. Mukaneni. Kulipira zonsezo n'kubwerera panjira chifukwa chouma manja pa tsiku limodzi, ndiye kutaya kwenikweni.

4. Sankhani kampani

Pa intaneti makampani ndi ambirimbiri, onse ndi zithunzi za anthu akumwetulira pa chikwangwani cha pamwamba. Chikomekome cha nkhuyu. Njira yachangu yowasefera ndi masamu.

Pa nthawi yomwe tinkapita, paki inkalipiritsa mlendo madola 70 pa tsiku, madola 50 pa usiku uliwonse wa mu tenti, ndi madola 20 a gulu lopulumutsa anthu, kuwonjezapo msonkho wa 18 peresenti. Pa masiku 7 zimenezi zokha zikupitirira madola 950, munthu asanagule ngakhale phwetekere. Mitengo yotsika ndi ya nzika za mayiko a East African Community, ndipo Malawi si membala, choncho ife timalipira ngati mlendo wina aliyense wakunja. Tsono kampani ikakuuzani kuti ulendo wonse ndi madola 1,200, dzifunseni kuti mapota alipidwa chiyani, mudya chiyani, tenti yake ndi yotani. Makampani abwinobwino a masiku 7 amayambira chapamadola 2,000 kupita m'mwamba.

Alembereni mafunso awa, ndipo mayankho akhale olemba:
- Mtengowu ukuphatikiza chiyani? Ndalama za paki, galimoto yopita ku geti ya paki, malo ogona ku Moshi usiku woyamba ndi womaliza?
- Magaidi adzakhala angati pa gulu lathu? Usiku wokwera pamwamba pamafunika gaidi mmodzi pa anthu awiri, kuti wina akadwala gulu lonse lisabwerere.
- Mumanyamula silinda ya okosijeni ndi kachipangizo kopimira okosijeni pa chala?
- Mapota mumawalipira bwanji, amadya kangati, amagona pati? Lamulo silola pota kusenza katundu wa kampani wopitirira makilogalamu 20. Pali bungwe la KPAP lomwe limayang'anira kasamalidwe ka mapota, ndipo lili ndi mndandanda wa makampani ogwira nalo ntchito.
- Tikasintha tsiku kapena wina akalephera kubwera, dipoziti ikhala bwanji?

Pemphaninso chithunzi cha laisensi yawo ndi manambala a anthu awiri omwe anapita nawo posachedwa. Aimbireni.

Dipoziti tumizani ku akaunti ya kampani, ya dzina lomwe lili pa laisensi, ndipo mulandire lisiti. Mlamu wanga anatumiza ndalama pa nambala ya foni ya munthu wina yemwe ankacheza naye bwino pa WhatsApp, womutchula kuti m'bale wanga uthenga uliwonse. Ndalama zitangolowa, chithunzi cha pa nambalayo chinazimiririka, ndipo mpaka lero mauthenga ake amangoima pa kachongi kamodzi.

5. Konzani pasipoti, madola ndi za chipatala

Pasipoti yambani nayo, ngakhale ulendo uli chaka chamawa. Ndalama zakunja nazo n'zosowa kuno, aliyense akudziwa. Pitani ku banki kwanu miyezi ingapo ulendo usanafike, mutanyamula pasipoti, kalata ya kampani yosonyeza mtengo, ndi tikiti ngati mwagula, mufunse ndondomeko yake. Sungani malisiti onse osinthira ndalama, amatha kufunsidwa pa boda. Za kuseri kwa msika zisiyeni: ndi mlandu, komanso ndi komwe anthu amapatsidwa madola akale omwe ku Tanzania amakanidwa.

Kadi yachikasu imafunika kwenikweni kwa wochokera kapena wodutsira nthawi yaitali m'dziko lomwe kuli yellow fever, monga Kenya ndi Ethiopia. Malawi sali m'gulu limenelo, koma bayitsani basi. Katemerayu ndi kamodzi moyo wonse, ndipo amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 mutabayitsa.

Kaonaneni ndi dokotala. Muuzeni poyera kuti mukukwera mamita pafupifupi 6,000. Ngati muli ndi BP, shuga, mphumu kapena vuto la mtima, amve iye kaye. Wodwala sickle cell asapite. Funsaninso za mankhwala a Diamox, omwe amathandiza thupi kuzolowera msanga. Amakodzetsa pafupipafupi ndipo zala zimachita nyerenyere, zimenezo si zoopsa. Koma ngati Bactrim kapena Fansidar amakuwengani, muuzeni dokotala asanakulembereni.

6. Konzekerani paphiri lathu lomweli

Tili ndi mwayi womwe a ku Salima ndi ku Nsanje alibe. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake limafika 2,198. Yambani miyezi itatu kapena inayi ulendo usanafike. Loweruka lililonse kwerani phirili mutavala nsapato zomwe mudzapite nazo, kachikwama kali kumsana ndi malita 3 a madzi. Mwezi wachiwiri muzikwera Loweruka ndi Lamulungu motsatizana mukaweruka ku tchalitchi, chifukwa chomwe chimatopetsa ku Kilimanjaro ndi kudzuka m'mawa miyendo ikuwawa n'kuyambanso. A ku Ntcheu, phiri la pa boma ndi zitunda za ku Tsangano zikukwanirani. Mkati mwa sabata siyani kabaza, yendani pansi.

Phunzirani kutsika. Ambiri amakonzekera chokwera chokha, koma maondo ndi zikhadabo zimathera potsika.

Ngati mungathe, pitani limodzi ku Mulanje masiku atatu, mukagone m'tinyumba ta paphiri ndi kufika pa Sapitwa. Mukaona yemwe amaliza nkonono, yemwe amakwiya akamva njala, nsapato yomwe ikuluma. Koma sungani nambala iyi: Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi, ndi mamita 3,002. Pa njira ya Machame, usiku woyamba mumagona pa mamita pafupifupi 3,000. Pomwe dziko lathu lathera, m'pomwe uko mukuyambira. Palibe phiri la kuno lomwe lingakuphunzitseni mpweya wa kumeneko.

Chinthu china choti muyeseze, ndipo chimamveka ngati nthabwala, ndi kuyenda pang'onopang'ono. Kwerani phiri la Dedza pa liwiro loti mutha kucheza osapuma wefuwefu. Amuna ambiri zimawavuta.

7. Ulendo wopita ku Moshi

Wapandege amanyamukira pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe n'kukatera pa Kilimanjaro International Airport, pakati pa Moshi ndi Arusha, atasinthira ndege ku Dar es Salaam, Nairobi kapena Addis Ababa. Nsapato valani, ndipo jekete likhale m'manja, kuti chikwama chikachedwa ulendo usafe.

Ife tinayenda pansi. Msewu wa M1 kuchoka pa Dedza kudutsa Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga mpaka pa boda ya Songwe, kuwolokera ku Kasumulu, kenako minibasi kudzera ku Tukuyu kukagona ku Mbeya. Kuchoka ku Mbeya kupita ku Moshi ndi basi ya tsiku lathunthu, mbandakucha mpaka usiku. Ikani masiku atatu a panjira, ndi tsiku lina lopuma ku Moshi. Osatsika basi usiku n'kukayamba phiri m'mawa mwake.

Zinthu ziwiri za nthawi zimasokoneza Amalawi. Ku Tanzania wotchi ili patsogolo ndi ola limodzi. Chachiwiri, m'Chiswahili amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa. Wogulitsa matikiti akakuuzani kuti basi inyamuka saa kumi na mbili asubuhi, si 12 koloko ayi, ndi 6 koloko m'mawa. Mufunseni akulozereni pa wotchi.

Madzulo a tsiku lopuma gaidi amabwera kudzaona katundu wanu chimodzichimodzi. Chomwe wanena kuti n'chosakwanira, kabwerekeni, musatsutsane naye. Ku Moshi kuli udzudzu, gonani m'neti.

8. Masiku a paphiri

Tsiku limayamba ndi tiyi pakhomo pa tenti ndi kabeseni ka madzi ofunda osukusulira. Kusamba kulibe mpaka mutatsika. Mumalongedza chikwama chachikulu n'kuchisiya, mumadya phala ndi mazira, n'kuyamba kuyenda. Posakhalitsa mapota amakudutsani, katundu pamutu, wailesi ikulira, ndipo mukafika pa msasa wina mumapeza matenti aimikidwa kale, mbuliwuli zili m'mbale. Pa mlendo mmodzi pamakhala antchito pafupifupi atatu. Mukamva akubwera kumbuyo, apatukireni.

Mawu omwe mudzawamve mpaka kutopa nawo ndi pole pole, kutanthauza pang'onopang'ono. Gaidi amayenda patsogolo ngati akuperekeza mkwatibwi, ndipo lamulo ndi lakuti palibe womupitirira. Tsiku loyamba m'nkhalango mudzaona ngati akukuchedwetsani dala. Inde, akukuchedwetsani dala.

Imwani malita 3 kapena 4 tsiku lililonse ngakhale mulibe ludzu. Mkodzo ukada, madzi achepa. Idyani ngakhale chakudya chisakukomeni, poti kumwamba njala imathawa. Ife tsiku lachitatu supu ndi spaghetti zitatikola, tinapempha wophika kuti atipatseko ugali womwe ankaphikira anzake. Ndi nsima ndithu, yolimbirapo, ndipo usiku umenewo mbale zinabwerera zoyera. Nenani zimenezi kwa kampani musananyamuke kuti agule ufa wokwanira.

M'mawa ndi madzulo gaidi amakupanani kachipangizo pa chala n'kukufunsani za mutu, tulo, chilakolako cha chakudya ndi kuchimbudzi. Nenani zoona. Kuwawa mutu pang'ono, kusowa tulo ndi kamseru zimagwira anthu ambiri, ndipo zimachepa mukapuma ndi kumwa madzi. Koma izi ndi zizindikiro zoti munthu atsike nthawi yomweyo, kaya ndi usiku: mutu wosamva Panado, kusanza kosalekeza, kudzandira ngati woledzera, kulankhula zosokonekera, kubanika ali chikhalire, chifuwa chotulutsa thovu. Zikatero madzi akulowa m'mapapo kapena ubongo ukutupa, ndipo zimapha. Mankhwala ake enieni ndi kutsika.

Ife Amalawi tili ndi msampha wathuwathu apa. Mutu ukawawa, thupi likaphwanya, timati ndi malungo, timameza LA yemwe tinabisa m'chikwama n'kukhala chete. Ine ndinachita zimenezi pa Horombo. Uzani gaidi, osati chikwama. Ndipo muziyang'anana: mnzanu wolongolola akangoti zii, wosiya chakudya, womanga zingwe za nsapato kwa mphindi khumi, kamuuzeni gaidi ngakhale mwiniwakeyo akwiye. Ubwino wopita ndi anthu akwanu ndi umenewu, mumadziwa mmene munthu amakhalira akakhala bwino.

Pa Barranco mudzadzuka n'kuona khoma lathanthwe patsogolo panu, anthu akukwera ngati nyerere. Limaopsa poliona kuposa polikwera. Pindani ndodo, gwirani ndi manja, pondani pomwe gaidi waponda.

9. Usiku womaliza

Pa Barafu, mamita opitirira 4,600, mumadya msanga n'kugona dzuwa likulowa, ngati tulo tingabwere. Amakudzutsani cha m'ma 11 koloko usiku. Konzeranitu zonse kukadali kowala: mabatire atsopano mu tochi, zovala zonse motsatana, maswiti m'thumba lofikirika ndi magolovesi. Dzina loti Barafu m'Chiswahili ndi madzi oundana, ndipo sanaliphonye. Thirani madzi otentha m'botolo, mulilowetse mu sokosi n'kuliika chozondoka m'chikwama, chifukwa madzi amayamba kuundana pamwamba ndipo kukamwa kwa botolo kukatsekeka simumwanso. Foni ikhale m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, apo ayi batire ifa ndi chisanu musanajambule kanthu.

Mumanyamuka pakati pa usiku. Kwa maola 6 kapena 7 simuona china koma zidendene za amene ali patsogolo panu, ndi mzere wa matochi kumwamba womwe umasokonekera ndi nyenyezi. Musamayang'ane kumwambako, kumafooketsa. Popuma musakhale pansi nthawi yaitali ndipo musatseke maso. Cha m'ma 4 koloko ndi pomwe chisanu chimaluma kwambiri ndipo mtima umayamba kukuuzani kuti kodi ndikuvutikiranji. Mayi wa pa Lizulu uja anayamba kuimba nyimbo ya ku Mvano chapansipansi, mawu awiri, kupuma, mawu awiri, ndipo tonse tinapezeka tikuponda motsatira nyimboyo mpaka kum'mawa kunafiira.

Mukafika pa Stella Point, mamita 5,756, chitunda choopsa chatha. Kwatsala pafupifupi ola limodzi kuyenda m'mphepete mwa chigwa cha pamwamba kukafika pa Uhuru. Gaidi akakuuzani kuti inu muthere pomwepa, mverani. Mnzathu mmodzi anathera pa Stella, ndipo naye analandira satifiketi yake ya paki. Pamwamba simukhalitsa, mphindi 10 kapena 15, chithunzi, basi. Valani magalasi dzuwa likangotuluka.

10. Kutsika ndi kuthokoza antchito

Tsiku lomwelo mumatsika mpaka pa Barafu, kupuma pang'ono, n'kupitirira kukagona kumunsi pa njira yotsikira ya Mweka. Onse pamodzi ndi maola 12 kapena kuposerapo muli chiyendere. Mangitsani nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo, ndipo gwiritsani ntchito ndodo zija.

Ndalama yothokozera antchito si ya chifundo, ndi gawo la malipiro awo lomwe aliyense amaliyembekezera. Ambiri amaika pambali madola 250 mpaka 300 munthu mmodzi. Funsani kampani muyezo wake musananyamuke kuno, sonkhani ku Moshi musanakwere, ndipo pemphani mndandanda wa mayina a antchito onse. Tsiku lomaliza lengezani pamaso pa onse kuti gaidi alandira zakuti, wophika zakuti, pota aliyense zakuti. Jekete kapena magolovesi omwe simudzawafunanso, asiyireni.

Zomwe anthu amalakwitsa kawirikawiri

Kugula nsapato sabata yonyamuka. Matuza amayamba tsiku loyamba lomwelo, ndipo kwatsala masiku 6.

Kudalira jekete la ku Dedza. Chisanu chathu chimaumitsa mame pa udzu, cha uko chimaumitsa madzi m'botolo lomwe lili kumsana kwanu. Zovala zingapo zosanjikiza zimaposa chijasi chimodzi cholemera.

Kunena kuti khungu lakuda silipsa ndi dzuwa. Pamwamba limapsa, mphuno ndi milomo zimasupuka. Dzolani.

Kuchepetsa kumwa madzi poopa kutuluka mu tenti usiku. Amuna tengani botolo lina lapadera, mulilembe chizindikiro chooneka ngakhale mumdima. Amayi funsani kampani za kachimbudzi ka mu tenti konyamula, gulu likasonkherana sikadula, ndipo tengani zofunika za kumwezi ngakhale si nthawi yake.

Kutenga kachasu kapena mowa wina kuti uzitenthetsa. Umachotsa madzi m'thupi ndipo umabisa zizindikiro za matenda. Mowa ukudikirani ku Moshi.

Kugula inshulansi osawerenga. Zambiri zimathera pa mamita otsika kwambiri kuposa a Kilimanjaro, ndipo mumazindikira zimenezi bilu ya chipatala ili m'manja.

Kulonjeza mudzi wonse. Ulendo woyamba ndinalengeza pa Facebook ndi ku tchalitchi kuti ndikaimika mbendera ya Malawi pamwamba, ndipo manyazi a lonjezo limenelo ndi omwe anandichititsa kubisa kuwawa kwa mutu kwa masiku awiri. Uzani a pabanja panu ndi abwana anu, enawo adzaona zithunzi.

Kugula tikiti ya basi ya tsiku lotsatira mutangotsika. Miyendo imauma ngati mitengo, masitepe a hotela mumatsika chammbuyo mutagwira khoma, ndipo mpando wa basi ya ku Mbeya ndi maola oposa 15. Gonani ku Moshi masiku awiri, ndipo pa ulendo wobwerera valani patapata, chifukwa zikhadabo za zala zazikulu zimakhala zitada kale.